Mtsempha wa Paphewa Ukang'ambika, Ululu Umatha Bala Lisanapole

Ocita masewera ambiri amene amabvulala mtsempha wa paphewa amabwerera m'bwalo pa tsiku limene ululu waleka. Madotolo a mafupa ndi akatswiri a physiotherapy amakamba kuti apa ndi pamene pagona bvuto. Ululu wa paphewa ungathe kuzizira pakapita masabata owerengeka, koma mtsempha umene unang'ambika umafuna miyezi kuti ulimbenso. Pakati pa nthawi ziwirizi phewa limanyenga mwini wake. Limaoneka labwino pobvala malaya ndi posamba, pomwe silingathe kupirira mphamvu ya kuponya mpira.

Bvutoli limakhudza maka-maka masewera amene dzanja limagwira nchito pamwamba pa mutu, monga netball, volleyball, tennis, basketball, kusambira, kuponya nthungo ndi kunyamula zitsulo. Mu mpira wa miyendo amene amakumana nalo kawiri-kawiri ndi ogwira pagolo, kaamba ka kugwera pa dzanja lotambasula. Ankhonya ndi a judo nao limawapeza.

Mmene phewa linapangidwira

M'ciuno, mutu wa fupa la nchafu umalowa m'dzenje lakuya, monga munsi mu mtondo, ndipo mafupa okhawo amagwirana zolimba. Paphewa si tero ai. Mutu wa fupa la mkono ndi waukulu ndiponso wobulungira, pomwe kambale kamene umakhalapo ndi kakang'ono ndi kosazama. Umakhala monga mtsuko pa nkhata. Ici ndico cimalola dzanja kuzungulira mbali zonse kuposa ciwalo cina ciliconse ca thupi, koma ndiconso cimacititsa phewa kudalira minofu kuti lisagwedere.

Imene imagwira mtsukowo ndi minofu 4 yocokera pa fupa lathyathyathya la kumbuyo kwa phewa. Minofuyi imakulunga mutu wa fupa la mkono kutsogolo, pamwamba ndi kumbuyo, ndipo madotolo amaicha rotator cuff. Mnofu ulionse umathera mu kacingwe koyera ndi kolimba kamene kamamatirira ku fupa. Tizingwe timeneti ndito tikuchedwa mitsempha m'nkhani ino. Si mitsempha yoyendamo magazi ai, ngakhale kuti m'Cinyanja dzina ndi limodzi.

Umene umang'ambika kawiri-kawiri ndi wa pamwamba, wochedwa supraspinatus. Umadutsa m'kampata kopapatiza pansi pa fupa la pansonga ya phewa, ndipo umathandiza pokweza dzanja cam'mbali. Pafupi ndi pomwe umagwira fupa pamafika magazi ocepa. Dotolo wa ku Boston, Ernest Codman, analongosola za malo ofookawa m'buku lake lonena za phewa limene linatuluka mu 1934. Pamene magazi afika ocepa pamacedwa kupola, pakuti magazi ndiwo amanyamula zomangira thupi. N'cifukwa cake wosewera amene wakoka mnofu wa nchafu angabwerere pakapita masabata ocepa, pomwe mnzake wa phewa amakhala panja miyezi.

Mtsemphawu umaonongeka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya mwadzidzidzi, pamene munthu wagwa, wakokedwa dzanja, kapena fupa la mkono laguluka m'malo mwake. Yaciwiri ndi ya pang'ono-pang'ono, monga cingwe ca pacitsime cimene cimaduka ulusi umodzi-umodzi, ndowa ikali kutuluka ndi madzi, kufikira tsiku limene sicidzathanso. Njira yaciwiriyi siisankha ocita masewera okha. Azimai osinja, amisiri opaka penti kudenga ndi anyamata onyamula matumba m'misika amaidziwa bwino, ndipo imaculuka munthu akapitirira zaka 40.

Ululu wake umamveka kunja kwa phewa, n'kutsikira cakumtunda kwa mkono. Umakula usiku, maka-maka munthu akagonera mbali imeneyo. Kupesa tsitsi, kufikira kumsana ndi kutenga cinthu pamwamba pa kabati kumabvuta. Koma pali zizindikiro zina zosafuna kuyembekezera: kulephera kukweza dzanja pambuyo pa kugwa, phewa lotupa ndi lofiira pamodzi ndi kutentha thupi, ndiponso ululu wa paphewa umene wadza ndi kuthina pacifuwa kapena kubanika. Cotsirizaci cingakhale matenda a mtima, ndipo munthu wotere ayenera kuthamangira naye kucipatala.

Zimene zinacitikira Maria Sharapova

Katswiri wa tennis wa ku Russia, Maria Sharapova, anayamba caka ca 2008 mwa kupambana mpikisano wa Australian Open. Anali ndi zaka 20 cabe. Patapita miyezi yocepa phewa lake lamanja linayamba kuwawa, koma iye anapitiriza kusewera. Kumapeto kwa July, pa mpikisano wa ku Montreal m'dziko la Canada, analephera kupitiriza, ndipo makina a MRI anaonetsa kuti mtsempha unali wong'ambika. Zinadziwika kuti anali atasewera nalo balalo kuyambira mu April.

Sharapova sanapite ku masewera a Olympics a ku Beijing ndi ku US Open ya caka cimeneco. Anayamba wayesa kucira popanda mpeni, koma zitakanika anacitidwa opaleshoni mu October 2008. Anabwerera kukasewera yekha pa mpikisano wa ku Warsaw mu May 2009, patapita miyezi yoposa 9 ali panja. Munthu amene anali nambala 1 pa dziko lonse anali atatsika kufika pa nambala 126.

Nkhani yake ili ndi phindu kwa wosewera wa kuno pa cifukwa cimodzi. Ngati munthu wokhala ndi madotolo ake-ake anatha miyezi akusewera ndi mtsempha wong'ambika, n'kosabvuta kuti zotere zicitikire mtsikana wa netball amene mankhwala ake ndi mapiritsi a pa kantemba.

Kupima ndi kusankha cithandizo

X-ray imaonetsa mafupa, siionetsa mtsempha. Wodwala angauzidwe kuti fupa silinathyoke n'kubwerera kunyumba wokondwa, pomwe mtsempha uli wong'ambika. Dotolo amayamba ndi manja, kuyesa mphamvu ya dzanja mbali zosiyana-siyana ndi kuliyerekeza ndi linzake. Makina a ultrasound, omwe aja amapimira azimai apakati, amatha kuonetsa kung'ambikako ngati wowagwiritsa nchito ali wozolowera kupima mapewa. MRI imaonetsa zambiri, koma ndi yodula ndipo imapezeka m'zipatala zocepa.

Cithunzi cokha sicilamula. Anthu ambiri a zaka zoposa 60 ali ndi mtsempha wong'ambika paphewa koma samva ululu ulionse ndipo amalima bwino-bwino. Motero dotolo amayang'ana msinkhu wa munthu, mmene anabvulalira, mphamvu imene yatsala, ndi nchito imene afuna kuti dzanjalo ligwire.

Si onse amene afunika opaleshoni. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2013 ku United States anatsatira odwala oposa 400 amene mtsempha wao unang'ambika pang'ono-pang'ono mpaka kuboola, popanda ngozi. Onse anayamba ndi physiotherapy. Patapita zaka 2, pafupi-fupi 3 mwa odwala 4 alionse anali asanafune opaleshoni. Minofu yotsala ikalimbitsidwa imatha kulandirako nchito ya mtsempha wobvulalawo.

Nkhani imasintha kwa wacinyamata amene mtsempha waduka pa ngozi ndipo dzanja lafooka. Mtsempha woduka umabwerera m'mbuyo monga mphira, ndipo mnofu wake ukakhala nthawi yaitali osagwira nchito umafota n'kulowedwa mafuta. Kusinthaku sikubwezeka, ndipo kumacititsa kusoka kukhala kobvuta. Kwa wotere kucedwa kuli ndi mtengo wake.

Mapiritsi monga ibuprofen ndi diclofenac amacepetsa ululu, koma salumikiza mtsempha. Akamwedwa masiku ambiri angayambitse zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Coipa kwambiri ndi kuwamwa m'mawa mwa tsiku la mpikisano kuti ululu usamveke, pakuti kutero ndi kutseka pakamwa pa mlonda wakuba ali pakhomo. Jekeseni wa steroid wa paphewa amapatsa mpumulo wa masabata angapo, koma akabwerezedwa kawiri-kawiri angafooketse mtsempha. Opikisana m'masewera akulu-akulu ayeneranso kudziwa kuti kuyambira pa 1 January 2022 bungwe la World Anti-Doping Agency linaletsa majekeseni onse a mtundu umenewu pa nthawi ya mpikisano. Za kutema mphini, bala liri mkati pafupi ndi fupa, kutali ndi pomwe lumo lifika.

Miyezi ya kucira

Pa opaleshoni ya masiku ano dotolo amaboola timabowo ting'ono-ting'ono, kulowetsa kamera, kukhoma tizikhomo m'fupa ndi kusokerera mtsempha pamenepo. Timabala ta pakhungu timapola m'masabata awiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Ulusi umangogwira mtsempha pamalo pake. Kumatirira kwenikweni ndi nchito ya thupi, ndipo pamapita pafupi-fupi masabata 12 kuti mtsempha ugwire fupa mokwanira kuyamba kulimbana ndi zolemera. Ngakhale pamenepo umapitiriza kukhwima kwa miyezi ina yambiri.

Masabata 4 mpaka 6 oyamba dzanja limakhala m'nsalu yokoloweka m'khosi. Katswiri wa physiotherapy ndiye amalisuntha, mwini wake osaikapo mphamvu. Wodwala amaphunzitsidwa kuwerama, kutsamira pa tebulo ndi dzanja labwino, n'kusiya lobvulalalo lilendewere ndi kugwedezeka pang'ono-pang'ono monga cingwe. Kacitidwe kameneka kamadziwika ndi dzina la Codman yemwe uja. Zala, nkhonyo ndi cigongono zimasunthidwa tsiku liri lonse kuti zisaume. Pa nthawiyi kunyamula ndowa, kukankha citseko colemera, kapena kudzuka pampando motsamira dzanjalo kungathe kumasula zonse zimene dotolo anasoka.

Kucokera pa sabata ya 6 wodwala amayamba kukweza dzanja yekha. Poyamba amathandizidwa ndi ndodo yogwira ndi manja onse awiri ali cigonere cagada, kapena kukwawitsa zala pa cipupa. Gawo limeneli limatopetsa mtima, pakuti munthu amene anali kuponya mpira kucoka ku golo lina kufika pakati pa bwalo amapezeka akukondwera kuti wafikira cosa ca magetsi. Komabe kulidumpha sikutheka. Phewa limene lasungidwa osasuntha kwa nthawi yaitali limauma, ndipo kuumako kumatenga miyezi kuti kumasuke, maka-maka kwa odwala matenda a shuga.

Kulimbitsa kumayamba pafupi ndi sabata ya 12. Zipangizo zake si zodula. Mphira wa malegeni womangirira pa citseko ndi botolo la madzi la theka la lita ndi zokwanira poyamba. Wodwala amagunditsa cigongono m'nthiti, n'kukoka mphira potembenuzira dzanja kunja, kenaka mkati, mosathamanga. Amalimbitsanso minofu ya kumsana imene imagwira fupa lathyathyathya lija, pakuti nkhata ikapendekeka mtsuko sungakhazikike. Anyamata ambiri a m'nyumba zonyamuliramo zitsulo amalimbikira minofu ya pacifuwa ndi ya kutsogolo kwa mkono, imene imaoneka pa galasi, n'kuiwala ya kumbuyo. Koma ya kumbuyoyo ndiyo imaimitsa dzanja mpira ukangocoka, ndipo pa kamphindi kameneko mtsempha umakokeka kwambiri.

Amene sanacitidwe opaleshoni amayenda njira yomweyi, kungoti ndi yaifupi ndipo alibe nyengo ya nsalu ya m'khosi. Kwa iwo kupumula kotheratu si mankhwala. Mtsempha umalimba ukamapatsidwa nchito yoonjezeka pang'ono-pang'ono, ndipo ukasiyidwa wopanda nchito umafooka. Cofunika ndi kuleka kaye cimene cinaubvulaza, n'kupitiriza kuusuntha. Nthawi zambiri pamafunika masabata 6 mpaka 12 a kulimbikira kuti kusintha kuoneke.

Fodya amacedwetsa zonsezi cifukwa amacepetsa magazi ofika pamalo amene ali kale ndi magazi ocepa. Shuga wosasamalidwa amacita cimodzi-modzi. Mtsempha wosokedwa umang'ambikanso kawiri-kawiri mwa osuta, okalamba, ndi amene bala lao linali lalikulu.

Kubwerera m'bwalo

Pambuyo pa opaleshoni, masewera opepuka angayambe pakapita miyezi 6, koma oponya ndi omenya mpira pamwamba pa mutu nthawi zambiri amafuna miyezi 9 mpaka 12. Manambalawa ndi ongotsogolera. Akatswiri amayang'ana ngati dzanja likufika ponse pomwe linzake likufika, ngati mphamvu yake yayandikira ya linzake, ndiponso ngati munthu akugona usiku wonse osadzutsidwa ndi ululu. Muyeso wina wosabvuta ndi wa tsiku lotsatira. Kuwawa pang'ono pocita maseŵero olimbitsa kumaloledwa, koma ngati pakapita maola 24 phewa likali kuwawa kuposa mmene linalili, ndiye kuti nchito ya dzulo inaposa muyeso ndipo iyenera kucepetsedwa.

Kuponya kumayamba pafupi, ndi mipira yowerengeka, ndi tsiku lopuma pakati. Coonjezera cimakhala cimodzi pa nthawi imodzi: mtunda, kapena kuculuka kwa mipira, kapena mphamvu, osati zonse pamodzi. Wa netball amayamba ndi mpira wocokera pacifuwa asanayambe wa pamwamba pa phewa. Wogwira pagolo amayamba kuwakha ali ciimire, kenaka kugwa atagwada pa udzu wofewa, ndipo kudumphira mpira wa pakona kumadza potsiriza. Wankhonya amayamba ndi nkhonya zolunjika asanabwerere ku zokhota. Wosambira angasunge mpweya wake mwa kupalasa ndi miyendo yokha kwa masabata angapo.

Miyendo siiyenera kuiwalika. Pa serve ya tennis, kumene kuli kumenya mpira woyambira uli pamwamba pa mutu, pafupi-fupi theka la mphamvu limacokera m'miyendo ndi m'thunthu. Wosewera wofooka m'ciuno amabweza ngongoleyo ndi phewa. N'cifukwa cake katswiri wabwino amapima bondo, ciuno ndi msana wa munthu amene wadza kudzadandaula za phewa, ndipo miyezi imene dzanja likupola ndiyo nthawi yolimbitsa ziwalo zimenezi.

Kubwerera ndi kwina, kubwerera pa mlingo wakale ndi kwina. Mu 2016 ofufuza a ku France anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 25 wa anthu amene anasokedwa mtsempha wa paphewa. Anapeza kuti pafupi-fupi 85 mwa 100 alionse anabwerera ku masewera. Koma mwa akatswiri ndi opikisana, pafupi-fupi theka lokha ndilo linafikanso pa mlingo umene linali nao lisanabvulale. Wothamangitsa magazi kumapeto kwa sabata amakhutira dzanja likaleka kuwawa, pomwe katswiri amafuna liwiro lonse ndi kulunjika konse kumene anali nako.

Sharapova anabwerera ndi serve yosinthidwa, yofupikitsidwa kuti phewa lisabvutike, ndipo inamusautsa kwa nthawi yaitali. Pa US Open ya 2009, posewera ndi Melanie Oudin, anataya mapointi 21 mwa kuphonya serve kawiri motsatizana, ndipo anagonja. Panapita zaka 3 cibwerereni kuti apambanenso mpikisano waukulu, French Open ya 2012, imene anaitenganso mu 2014. Phewalo silinamusiye konse. Linamulepheretsa US Open ya 2013, ndipo linali pakati pa zimene zinamucititsa kusiya tennis mu February 2020 ali ndi zaka 32.

Malemu Kobe Bryant, katswiri wa basketball wa timu ya Los Angeles Lakers, anang'amba mtsempha wa phewa lamanja mu January 2015 posewera ku New Orleans, ali ndi zaka 36. Anacitidwa opaleshoni patangopita sabata imodzi ndipo anabwerera mu October. M'nyengo yotsatirayo anaphonya mipira pa mlingo woposa nyengo ina iriyonse ya moyo wake wa masewera, koma pa 13 April 2016, pa masewera ake otsiriza, anagoletsa mapointi 60 polimbana ndi Utah Jazz. Patrick Rafter wa ku Australia, amene anacitidwa opaleshoni ya phewa mu 1999, anafika mu ndime yotsiriza ya Wimbledon mu 2000 ndi mu 2001.

Pali cinanso cimene makina sapima, ndico mantha. Wosewera amene phewa linam'gwetsa amaponya mogwira mtima, amapindira dzanja pafupi ndi thupi, ndipo mwa kutero amasintha kaponyedwe kake n'kuika katundu pa cigongono kapena pa khosi. Kukwera makwerero pang'ono-pang'ono kumacotsa manthawo, pakuti gawo liri lonse limatsimikizira mwini wake kuti dzanja lapirira.

Mu Zambia matimu ambiri a m'masukulu ndi a m'makomboni alibe katswiri wa physiotherapy, ndipo amene amalamula za kubwerera ndi kochi amene ali ndi mpikisano pa Ciweru. Kochi wotere angathandize kwambiri mwa kufunsa wosewera wake ngati akugona bwino usiku, ndi kumuuza akweze manja onse awiri kuti aone ngati afika pofanana. Akatswiri a physiotherapy amaphunzitsidwa pa University of Zambia ndi pa Evelyn Hone College, ndipo amapezeka m'zipatala zikulu-zikulu monga UTH mu Lusaka ndi Chipata Central Hospital kum'mawa. M'zipatala za boma wodwala nthawi zambiri amayambira pa kiliniki ya kwao kuti apatsidwe kalata yomutumiza kumeneko.

Wokhala kutali ndi cipatala sangathe kuonana ndi katswiri kawiri-kawiri. Wotere ayenera kupempha kuti amulembere kapena kumujambulira pa pepala zocita za gawo liri lonse, kuculuka kwake, ndi tsiku lobwerako kudzapimidwa asanalowe gawo lotsatira. Akabwerera m'bwalo, akatswiri amalangiza kuti apitirize kukoka mphira uja kawiri kapena katatu pa sabata kwa nthawi yonse imene akali kusewera.